Pulla Wayamba Kuopa Mawu a Mbuye Wake

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanu kwa zaka zambiri, ndipo kale ndinkawaseka anthu olemba za agalu ndi amphaka ngati akulemba za ana obereka okha. Lero wolembayo ndine, ndipo kuseka kwandithera. Ndine mayi wamasiye wa zaka za m'ma sikisite. Andiuza kuti mwezi uno ukamatha ndikhale nditasankha, galu achoke yekha kapena tichoke tonse m'fulati imene ndikukhala. Ndasowa mtengo wogwira.

Galuyo ndi Pulla. Kwenikweni sanali wanga, anali wa malemu amuna anga, a Arvo. Dzinalo analitenga ku buledi wotsekemera uja amayi awo ankaphika Loweruka, chifukwa galuyo ali kamwana anali wofiirira komanso wonenepa ngati wangotuluka mu uvuni. A Arvo ankakonza ng'anjo zotenthetsera nyumba, ndipo nyumba zambiri m'tauni muno zili ndi kasitika kawo pang'anjo, kolembedwa dzina lawo ndi nambala ya foni ya kunyumba kwathu. Pulla ankapita nawo kuntchito tsiku lililonse, atakhala kutsogolo m'vani, mphuno ili pagalasi. Ine ndikati ndikwere nawo, ankandilozera kumbuyo kwa zitsulo. "Pepanitu a Hilkka," ankatero, "mpando uwu ndi wa abwana. Ine ndi inu ndife aganyu chabe." Chibadwire, galu ameneyu anali asanatsalepo yekha m'nyumba tsiku lathunthu.

A Arvo anatisiya chipale chofewa chitangoyamba kusungunuka. Mtima unaima ali pantchito, m'chipinda chapansi cha nyumba ya eni ake, Pulla akuwadikira m'vani panja. Amene anamubweretsa kunyumba madzulo ake ndi a Gord, mnzawo amene ankagwira nawo ntchito. A Gord ndiwonso anagula vaniyo pambuyo pake. Amandiimbira nthawi zina, koma sindiyankha kawirikawiri, chifukwa vani imeneyo sindifuna kuiona. Tsiku lina tinakumana pogula zakudya, anandiuza kuti, "A Hilkka, mpando wa abwana uja sindinakhazikepo munthu." Ndinangoseka n'kukankha ngolo yanga, misozi ili m'maso.

Nyumba yathu ndinaigulitsa, chifukwa msana wanga sungathenso zokokolola chipale m'mawa uliwonse. Ndinapeza fulati yololeza agalu, pansanja yachitatu, kufupi ndi kuntchito kwanga. Ndimagwira m'khitchini ya kunyumba yosamalira okalamba, ndimachoka kusanache n'kubwerako madzulo. Nyengo yotentha yonse zinthu zinali bwinoko. Pulla ankalira pang'ono ndikamatseka chitseko, kenako n'kugona pa jekete lakale la a Arvo. Mavuto anayamba chisanu chitalowa.

Woyamba kugogoda anali Colette wa khomo loyang'anana ndi langa. Ndi namwino, amagwira usiku n'kumagona masana. Si munthu wankhanza ayi, anabwera mwaulemu, maso ali psuu. "Amayi, musandimve molakwa," anatero, "koma galu wanu akayamba salekeza. Amauwa, kenako amabuma ngati pamaliro. Ndayesa kutseka makutu ndi thonje, ndayesa kugona m'bafa, zakanika." Sindinamukhulupirire msanga, chifukwa ine ndikafika ndinkapeza galu ali phee. Kenako anadandaula apansi, anadandaula apamwamba, mpaka a Kowalchuk, oyang'anira nyumbayi, anandiimitsa pamakwerero. "Mayi Niemi, ine agalu ndimawakonda, kwathu ndili nawo awiri. Koma foni yanga yatentha ndi nkhani ya galu wanu. Chitanipo kanthu, apo ayi eni nyumba andidya wamoyo."

Ndinaimbira mwana wanga Teemu, amene amakhala ku Calgary. Iye chilichonse amachithetsa ndi kugula chinthu. "Amayi, zimenezo n'zodandaula nazo? Kuli kolala yamakono, akangouwa imamutsina pang'ono ndi magetsi, mawa lake waphunzira. Anzanga onse agalu awo amavala. Ndakuitanitsirani kale, ifika Lachinayi." Inafikadi, kolala yakuda yokhala ndi kabokosi ndi timano tiwiri tachitsulo togunda pakhosi. Pamene ndinkamumanga, Pulla ankagwedeza mchira poganiza kuti tikupita kokayenda.

Aphungu, kolalayo inagwira ntchito, ndipo ndinasangalala. Madandaulo anatha. Colette anandibweretsera keke, a Kowalchuk ankandikwezera chala chachikulu tikakumana pakhonde. Koma galu amene ndinkamupeza madzulo sanalinso Pulla. Anasiya kundichingamira pakhomo. Chakudya ankangochinunkhiza. Pansi pa chitseko anapakanda mpaka thabwa loyera kuonekera, ndipo tsiku lina ndinapeza timadontho ta magazi pakapeti. Jekete la a Arvo lija analisiya, n'kuyamba kubisala m'bafa, kuseri kwa chimbudzi, pamalo opanikiza moti sindidziwa kuti amalowapo bwanji. Teemu anati, "Akuzolowera, amayi, mupatseni nthawi." Ndinafuna kumukhulupirira, ndiye ndinamukhulupirira.

Zoona zake ndinazidziwa tsiku limene ndinajomba kuntchito chifukwa cha chimfine. Pulla ndinali nditamumanga kale kolala m'mawa ndisanaganize zongogona. Chakumasana foni ya m'nyumba inalira, ine thupi lili lende, ndinati ilire. Apa ndiyenera kukufotokozerani za foniyo. Posamuka ndinabwera nayo, nambala yomweyo, pamodzi ndi kamakina kakale koyankha foni eni ake akachokapo. Uthenga wa m'kamakinamo anajambula ndi a Arvo, ndipo sindinausinthe. Umati: "Moni, kuno ndi kwa Arvo. Ngati ng'anjo yafa ndipo mano akugundana, siyani nambala, ndikubwera. Ngati mukugulitsa zinthu, kambani ndi abwana. Pulla! Iwe Pulla, tawapatsa moni!" Anamuphunzitsa okha kuuwa akamva mawu amenewo, ndipo makasitomala ankaseka nazo kwambiri. Madzulo ndikakhalapo foni ndimainyamula isanafike pakamakina, n'chifukwa chake nkhaniyi sinandibwerere m'mutu.

Tsiku limenelo ndinamva mawu a amuna anga akudzaza chipinda. Pulla anatuluka m'bafa, makutu ali m'mwamba, mchira ukuyamba kugwedera. Atamva dzina lake anauwa kamodzi, monga anamuphunzitsira. Pomwepo anati kwee, miyendo yakumbuyo n'kufooka, n'kugwa cham'mbali. Anadzuka, anathamangira kuchitseko kukawafuna, anayesanso kuuwa, kolala inamumenyanso. Ndinadzuka ndikupepesuka, koma ndisanamufike foni inaliranso. Anali mayi wina wa ng'anjo yozima, amene anaona nambala pakasitika ndipo sadziwa kuti mwini wake anamwalira. Ulendo uno Pulla sanauwe. Atangomva a Arvo akuti "Moni," anadzikodzera pomwepo n'kukwawira m'bafa ndi mimba, thupi lonse lili njenjenje.

Ndinakhala pansi m'bafamo n'kumumasula kolala. Pansi pa ubweya panali zilonda ziwiri zofiira. Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake zinayamba ndi chisanu. Ng'anjo zikayamba kufa, tauni yonse imaimbira a Arvo. Galu wanga tsiku lonse ankaitanidwa ndi mbuye wake, n'kumamvera, n'kumamenyedwa chifukwa chomvera.

Koma si zokhazo, ndipo zotsalazi sindinauzepo munthu, ngakhale Teemu. Si makasitomala okha amene amaimba. Chiyambire kusamuka, nthawi yopuma masana ndimatuluka kuseri kwa khitchini, pamene amatsitsira katundu, n'kuimba nambala yanga yomwe. Ndimadziwa kuti kunyumba kulibe munthu. Ndimangofuna kumva akunena kuti, "ndikubwera." Tsiku likandilemera ndimaimba kawiri, nthawi zina katatu. Kolala itabwera, nthawi zonsezo ine ndikupukuta misozi kuseri kwa khitchini, galu anali kumenyedwa ndi magetsi kunyumba, ndipo womenyayo ndinali ine. Chidziwire zimenezi chakudya sichikundilowa.

Ndinayesa kukonza. Kolala ndinaiponya m'kabati. Kamakina sindinayerekeze kukazula, chifukwa n'kakale ndipo ndikuopa kuti ndikangokhudza molakwika mawu aja afufutika. Palibenso pena pamene ndili nawo, a Arvo sankakonda zojambulidwa. Ndiye ndinakakwirira ndi mapilo ndi bulangeti, koma makutu a galu si makutu athu. Ndipo panopa, akakhala wopanda kolala, sakudikiranso foni kuti ayambe. Ndikangotseka chitseko amabuma, mpaka ndimamumva ndili panja poimika magalimoto. Sabata yathayi Colette anabweranso, ulendo uno akulira. "Amayi, dzulo ndinagona pa chiwongolero ndikudikira maloboti. Anandidzutsa ndi hutala. Ndipha munthu ine, kapena ndidzipha ndekha. Ndichite bwanji?" Mwana wa eni ake sakulakwa. Mawa lake a Kowalchuk anandiuza za kutha kwa mwezi kuja.

Ndiye kolala ndinaitulutsanso m'kabati. Inde, ndinamumanganso, pambali pa zilonda. Sanagwedeze mchira, anangotseka maso. Nyumba yonse ili zii, anthu akugona bwino, ndipo a Kowalchuk akuti zikapitirira chonchi nkhani yatha.

Teemu akuti, "Amayi, ndi galu chabe. Kolala ikugwira, isiyeni. Ngati mtima wanu sukulola, kamusiyeni kosungira agalu, mupume." Ndinakafunsa kumeneko. Mtsikana wa pakauntala anayesetsa kundilankhula mokoma, koma ndinamva zimene sananene. Galu wokalamba, wobuma, wodzikodzera, ndani angamutenge? Kusamuka ndayesa kufufuza, mafulati ololeza agalu ndi ochepa, ndipo kulikonse kumene ndingapite kudzakhala makoma ndi anthu ofuna kugona. Ntchito sindingasiye. Ndamva kuti kuli makolala ena opopera madzi onunkha m'malo mwa magetsi, kodi amenewo ndi abwinoko? Kapena ndingolimba mtima, ndipite naye kwa dokotala wa ziweto akamugoneke, apume, atsatire mbuye wake? Masiku ena ndimaona ngati chifundo chatsala n'chimenecho.

Ndipo kuti mundidziwe bwino mmene ndilili, dzulo masana ndinaimbanso. Ndinadziuza kuti ndidula asanafike pa dzina lake. Ndinadula, koma sindikudziwa ngati ndinafulumira.

Ndithandizeni, ndagwira njakata.

H.N., Thunder Bay


Mayi H.N.,

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiri khofi anazizira m'kapu ndisanamwe. Pepani chifukwa cha a Arvo. Koma simunandilembere kuti ndikulirireni, ndiye ndiyamba ndi chofulumira. Musanamalize kuwerenga tsamba lino, dzukani mukamumasule kolalayo. Musaibwezerenso m'kabati, mwaona kale kuti m'kabati imatulukamo. Itayeni m'bini ya panja.

Kolala imeneyo sinachiritse kanthu. Galu wouwa chifukwa chosowa chochita ndi wina, galu wouwa chifukwa cha mantha osiyidwa yekha ndi winanso, ndipo Pulla ndi wachiwiriyu. Kuuwa kwake kuli ngati alamu ya utsi ija ya padenga la khitchini. Mwachotsa batire, nyumba yati zii, koma moto ukuyakabe. Umboni mwauona nokha pachitseko, pakapeti ndi kuseri kwa chimbudzi. Za kolala yopopera madzi onunkha, musataye ndalama zanu. Ndi chilango chomwecho chovala malaya ena, ndipo galu wamantha ukamulanga umangomuwonjezera chinthu china choopa. Teemu amakukondani, koma za agalu sadziwa, komanso sanakhalepo pansi m'bafa muja.

Zoti womenya munali inu, imvani bwino. Pamene munkaimba musanadziwe, munali mayi wofedwa wofuna kumva mawu a mwamuna wake, ndipo palibe munthu wanzeru angakuzengeni mlandu. Koma za dzulo sindikunyengererani. Dzulo munkadziwa. Sindikunena izi kuti mudzide, chifukwa kudzida mwachita kale kokwanira ndipo sikunamuthandize galu. Ndikunena kuti muone kuti simungadzidalire pa nkhani imeneyi, ndipo si zamanyazi. Chisoni chili ndi mphamvu kuposa malonjezo a m'mawa. Ndiye foni imeneyo iyenera kuchoka pakhoma, kuti masana mukafooka pasakhale choimbira.

Mawu a a Arvo simuwataya. Pulla akakhala kuti sali m'nyumba, ikani foni yanu ya m'manja pafupi ndi kamakinako, itsegulireni kujambula, ndipo pemphani mnzanu aimbe nambala ya kunyumba. Jambulani kangapo, mvetserani kuti zamveka, tumizani kwa Teemu asunge kwake. Pamenepo ndiye pamene mnyamatayo angathandize, poti amakonda za makina. Mukatsimikiza kuti mawu ali malo awiri kapena atatu, zulani kamakinako. Mukawafuna masana, ikani zomvera m'makutu mumvetsere nokha. Koma m'nyumba momwe muli Pulla musadzawalizenso. Ndikudziwa kuti izi zikuwawa, koma mwina galu ameneyu sadzasiya kuwaopa mawu amenewo moyo wake wonse. Madzi akatayika saoleka, ndipo sindikunamizani kuti tingawaole.

Nambalayo ganiziraninso. Anthu a ng'anjo zozima aja akusiya mauthenga kwa munthu amene sadzabwera, ana awo akuzizidwa. Kampani ya mafoni ikhoza kuilozetsa kwa munthu wamoyo wodziwa ntchitoyo, ndipo munthuyo mwamutchula kale m'kalata yanu.

Sabata ino pitani ndi Pulla kwa dokotala wa ziweto, koma osati ulendo umene mukuganizawo. Akaone zilonda za pakhosi ndi zikhadabo, ndipo mumuuze zonse monga mwandiuzira ine, za kolala, za foni, za kudzikodzera. Pali mankhwala ochepetsa mantha otere, ndipo dokotala akhoza kukulozerani katswiri wophunzitsa agalu popanda chilango. Maphunziro ake ndi otopetsa. Mumatenga makiyi n'kukhala pansi osapita kulikonse. Mumavala jekete n'kulivulanso. Mumatuluka kamphindi n'kubwerera asanayambe kulira, mawa n'kuwonjezerako pang'ono. Zimatenga miyezi, ndipo agalu ena okalamba safika pomatha tsiku lonse okha. Chachikulu n'chakuti pamene akuphunzira asamasiyidwe yekha nthawi yaitali, chifukwa tsiku limodzi lobuma limafafaniza za sabata yonse. Kutha kwa mwezi kudzafika iye asanachire. Zimenezi muzidziwiretu.

Ndiye masana akhala kuti? Mayi, yankho munalilemba nokha n'kulidutsa ndi ngolo yanu ya zakudya. Bambo wamkulu sangakuimitseni m'sitolo n'kukuuzani kuti mpando wa abwana sanakhazikepo munthu, ngati sakupempha kanthu. A Gord nawonso anafedwa, ndipo amayenda tsiku lonse ndi mpando wopanda kanthu pambali pawo. Galu amene mukuti ngwovuta anakhala moyo wake wonse m'vani imeneyo popanda womudandaula. Simufuna kuiona vaniyo, ndamva. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Aimbireni lero. Ngati maso anu sangapirire, a Gord aziima kuseri kwa nyumba, inu muzingotsitsa galu pamakwerero. Akakana, kapena masiku ena akakhala kuti sangathe, funsani za malo osungitsa agalu masana, kapena wopuma pantchito wa m'nyumba yanu yomweyo amene angakonde mnzake wokhala naye.

Mukakonza zimenezi, gogodani kwa Colette nthawi imene ali maso. Muuzeni zimene mwapeza ndi zimene mwachita, mumupatse nambala yanu ya m'manja kuti galu akangoyamba akuimbireni inu, osati a Kowalchuk. Mtsikanayo anakubweretserani keke, si mdani wanu, akungofuna tulo. A Kowalchuk nawonso auzeni kuti masana galu sazikhalanso m'nyumba. Ndipo musalongedze katundu chifukwa cha mawu a pamakwerero. Pitani ku ofesi yothandiza anthu a lendi mukafunse kuti malamulo akuti chiyani, chifukwa kutulutsa munthu m'nyumba kuli ndi njira yake, sikuchitika ndi pakamwa pokha.

Tsopano chenjezo langa, ndipo ndi lowawa kuposa zonse. Zikhoza kuchitika kuti Pulla akabwerera m'vani muja ayambanso kudya, ayambanso kugwedeza mchira, koma madzulo a Gord akamamutsitsa pakhomo panu azikana kutsika. Fulati yanu kwa iye ndi malo amene mbuye wake ankamuitana n'kumumenya, ndipo mwina sadzaiwala. Zikadzafika pamenepo, mudzamulole apite. Muzidzamuona Lamlungu, muzidzayenda naye kupaki, koma azidzagona kwa a Gord. Ndikudziwa zimene ndikukupemphani. Nyumba inapita, vani inapita, mawu ndakuuzani muwazule pakhoma, ndipo mwina galu nayenso apita. Ndilibe mawu okometsera zimenezi. Koma poyerekeza ndi njira zonse zimene mwatchula, kolala, kosungira agalu, jakisoni wa dokotala, iyi yokha ndi imene mtengo wake mulipire inu, osati iye. Iye walipira kale kokwanira.

Ndipo inuyo musamakhalenso nokha kuseri kwa khitchini masana. Idyani ndi anzanu, ngakhale nkhani zawo zikhale zotopetsa. Funsani kwa dokotala wanu kapena kutchalitchi za gulu la anthu ofedwa. Uzaniko munthu mmodzi wamoyo zimene mwandiuza inezi, chifukwa ine ndine tsamba la nyuzipepala, sindingakugwireni dzanja.

Mawa masana dzanja lanu lidzapitanso pafoni, ndikudziwa. Mudzafuna kumva akunena kuti akubwera. Inu mukudziwa kuti sabwera, mayi, koma Pulla sakudziwa, ndipo nthawi iliyonse akaitanidwa amadzuka kupita kuchitseko. Musamuitanitsenso.

Aphungu